KODI MLENDO WOLIPIRA ALI MLENDO NDITHU?

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za mlandu umene uoneka waung'ono, koma munthu akaulowa apeza kuti uli ndi mizu yaitali. Makolo athu anati, "Mlendo ndi mame," ndiko kunena kuti sacedwa kucoka, ndipo cifukwa cace ayenera kumcereza msanga ndi mtima wonse. Munthu wa paulendo akafika pamudzi dzuwa litapendeka, anamyalira mphasa, nampatsa madzi, namphera nkhuku ngati iripo. Ndipo kukadakhala kutukwana kwakukuru iye akadaturutsa ndarama m'thumba kuti alipire nsima imene wadya. Mwambo umenewo si wa ife tokha ai. Anthu a m'mapiri a maiko ambiri ali nao, pakuti kumene njira iri yobvuta anthu adziwa kuti wocereza lero adzakhala mlendo mawa.

Koma masiku ano kwabuka mlendo wa mtundu wina. Iyeyu sadzera maliro kapena ukwati, sadzapempha mbeu kapena kudzazonda mbale wodwala. Angodza kudzaona phiri ndi kudzaona m'mene anthu akhalira. Adza ndi ndarama, ndipo afuna kulipira. Tsono akuru a maboma ndi a mabungwe alangiza anthu a m'midzi kuti asalekere eni mahotela a m'mizinda phindu lonse, koma alandire alendowa m'nyumba zao, awaphikire cakudya cao, awatsogolere m'njira zao, kuti ndarama zitsale pamudzi. Uphungu umenewu umveka wokoma. Koma tiyenera kufunsa mafunso awiri. Loyamba ndi ili: kodi nchito yotere ingathe kuimika mudzi wosauka? Laciwiri, limene liposa linzace kulemera, ndi ili: kodi munthu angagulitse kucereza kwace, osagulitsa pamodzi nako ulemu wa iye mwini?

Kuti tisangokamba za m'mutu, tiyeni tiyang'ane dziko limodzi limene layesa nchito imeneyi zaka zambiri, ndilo dziko la Nepal.

Dziko la Mapiri

Dziko la Nepal liri pakati pa India ndi China. Kukula kwace liposa dziko lathu la Malawi pang'ono, ndipo pa kalembera wa 2021 anapezamo anthu mamiliyoni 29. Pa dziko lonse lapansi pali mapiri 14 amene msinkhu wao upitirira mamita 8,000, ndipo 8 mwa iwo ali m'dziko limeneli kapena pa malire ace. Lalitali koposa onse ndilo Everest, limene eni dziko alicha Sagarmatha, la mamita 8,849. Mutasanjikiza mapiri atatu onga Mulanje mukadangolipitirira pang'ono. Anthu alima mpunga, cimanga ndi mawere pa timinda tosema m'mbali mwa mapiri monga makwerero, ndipo ambiri a iwo ali osauka.

Kufikira pafupi ndi caka ca 1950 olamulira a dzikolo anakaniza anthu a kunja kulowamo, kupatula owerengeka okha. Khomo litatseguka, oyamba kufika anali okwera mapiri. M'caka ca 1950 Maurice Herzog ndi Louis Lachenal a ku France anakwera phiri la Annapurna. Ndipo pa 29 May 1953 Edmund Hillary wa ku New Zealand ndi Tenzing Norgay wa mtundu wa Sherpa anaponda pamwamba pa Everest. Mbiri imeneyi inawanda ponse ponse. M'caka ca 1964 Jimmy Roberts, amene kale anali mkuru wa asilikari a Gurkha m'nkhondo ya Britain, anayamba kampani yoyendetsa alendo amene safuna kukwera nsonga, koma kungoyenda pansi masiku ambiri pakati pa mapiri. Kuyambira pamenepo alendo anacurukira-curukira, kufikira m'caka ca 2019 anafika pafupi 1,200,000.

Nchito yoyamba imene anthu a m'midzi anaipeza inali ya kusenza katundu. Ife sitisowa wotifotokozera nchito imeneyi, pakuti makolo athu anaidziwa bwino masiku a mtengatenga ndi macila. Wosenza katundu alandira malipiro a tsiku. Koma sasankha njira, sachula mtengo wa ulendo, sanena tsiku la kupumula. Ndarama zazikuru zitsala kwa eni makampani a ku Kathmandu ndi a maiko a kunja, amene anapangana ndi mlendo asananyamuke kwao. Pa 18 April 2014 madzi oundana anagumuka pa njira yokwerera Everest, napha amuna 16 a ku Nepal amene analikunyamulira alendo katundu ndi kuwakonzera njira. Boma poyamba linalonjeza banja liri lonse marupee 40,000, ndiwo monga madola 400 a ku America, pamene mlendo mmodzi ataya madola zikwi makumi angapo kuti akwere phirilo. Anzao a akufawo anapsa mtima naleka nchito nyengo imeneyo.

Kunalinso bvuto lina. Alendo anafuna moto wootha ndi madzi ofunda osamba, ndipo m'mbali mwa njira zao nkhalango zinayamba kutha, ndi zinyalala kucuruka. Cotero tiona cinthu coyamba: phiri lingathe kukhala la kwanu, alendo napita pakhomo panu tsiku ndi tsiku, koma inu nkukhala wanchito cabe, wotsala ndi msana wowawa ndi zitsa za mitengo.

Mudzi wa Ghandruk

M'caka ca 1986 bungwe losamala za cilengedwe, limene lero lichedwa National Trust for Nature Conservation, linayesa njira yatsopano pa mudzi wa Ghandruk, wa anthu a mtundu wa Gurung, patsinde pa mapiri a Annapurna. Mwa amene anatsogolera munali Mingma Norbu Sherpa ndi Chandra Gurung, onse awiri ana obadwira m'midzi ya m'mapiri. M'nkhalango zina za boma m'dzikomo anaika asilikari kuti alonde nyama ndi mitengo. Koma m'dera la Annapurna mukhala anthu oposa 100,000, ndipo atsogoleriwo anaona kuti nkosatheka kuwasamutsa kapena kuwalonda ndi mfuti; cotero anatsimikiza mtima kuwayesa eni ace a nchitoyo. M'caka ca 1992 boma linabvomereza kuti dera lonse, la masikweya kilomita 7,629, lisungidwe mwa njira imeneyi.

Makonzedwe ace ndi otere. Mlendo ali yense wa kunja alipira msonkho wolowera, ndipo ndarama zimenezi sizipita ku thumba la boma ku Kathmandu, koma zigwira nchito m'dera lomwelo: kufesa mitengo, kumanga milatho, kukonza njira, kufikitsa madzi ndi kuthandiza masukulu. Midzi isankha mabungwe ace oweruza za nkhalango, onena kumene adule ndi kumene asadule. Eni nyumba zogona alendo anapangana mtengo umodzi wa cakudya, kuti wina asatsitse mtengo kufuna kulanda alendo a mnzace, kufikira onse ataluza. Pa mudzi wa Chhomrong anaika posungira parafini, naletsa kuphika ndi nkhuni kumtunda kwace. M'midzi ina anachera mitsinje ing'ono ing'ono kuti iwapatse magetsi. Ndipo amai anali ndi mabungwe ao, ochedwa Aama Samuha, amene anasonkha ndarama mwa kuyimba ndi kubvina, nayala miyala m'njira za pamudzi, nasesa, nalimbana ndi juga ndi kuledzera.

Nchito imeneyi inayesedwa ndi moto. Kuyambira 1996 kufikira 2006 m'dzikomo munali nkhondo ya paciweniweni imene inapha anthu oposa 13,000. Maofesi ena a bungwe lija anapasulidwa, anchito ace nathawira ku mzinda wa Pokhara, ndipo alendo anacepa. Koma mabungwe ambiri a m'midzi sanafe ai. Anapitiriza kuweruza za nkhalango zao popanda wowayang'anira. Waganyu aponya khasu pansi pamene kapitao wacoka, koma mwini munda alimabe. Nkhondo iri pafupi kutha, pa 22 September 2006, boma linapereka dera lina la mapiri, la Kanchenjunga, m'manja mwa bungwe la eni midzi kuti aliyang'anire okha. M'mawa mwace ndege ya helikoputa imene inanyamula ocokera ku mwambowo inagwa m'mapiri, nafa anthu 24, pamodzi ndi amuna awiri aja tawachula. Iwo anapita, koma cimene anabzala cinatsala m'manja mwa eni nthaka.

Mudzi wa Sirubari

Ku Ghandruk alendo ambiri agona m'nyumba zomangidwira alendo. Koma kuli mudzi wina, dzina lace Sirubari, m'boma la Syangja kumwera kwa Pokhara, umene unacita coposa apa. Mudziwu suli pa njira ya okwera mapiri, ndipo panalibe codzetsa alendo koma mudzi womwewo. M'caka ca 1997 anthu ace, motsogozedwa ndi msilikari wopuma nchito dzina lace Rudra Man Gurung, anapangana kuti sadzamanga hotela, koma mabanja adzapatula cipinda m'nyumba zao. Mlendo akafika amlandira ndi nkhata ya maluwa ndi zoyimbira. Adya mpunga, mphodza ndi ndiwo zamasamba zimene banja liphika. Madzulo aonerera magule a pamudzi. Ndipo cinthu cimene tifuna kuti muciike pamtima ndi ici: mlendo sasankha nyumba. Bungwe la mudzi ndilo ligawa alendo mosinthana, monga dima liyenda munda ndi munda, kuti khomo liri lonse lilandire pa nthawi yace. M'caka ca 2001 mudziwu unalandira mphotho kucokera ku bungwe la za maulendo la maiko a ku Asia ndi Pacific. Midzi yambiri inatsanzira, kotero kuti m'caka ca 2010 boma linalemba malamulo a nchito imeneyi. Ndipo ambiri a alendo a m'midzi yotere ndiwo anthu a ku Nepal komweko, ocokera m'mizinda ndi m'midzi ina.

Tsono tafika pa funso lathu lija. Alipo anthu a mtima wabwino amene anena kuti nchito imeneyi iri ya manyazi. Ati: Mai amene apatsa mlendo mbale ya cakudya ndi dzanja lamanja, nalandira ndarama ndi lamanzere, sacerezanso, wasanduka wamalonda, ndipo kumwetulira kwace kwasanduka katundu wa pamsika. Mau amenewa sitiyenera kuwapeputsa, pakuti muli coonadi m'kati mwace. Tonse tidziwa kusiyana kwa moni wa mbale ndi moni wa wogulitsa m'sitolo.

Koma tiyeni tifunse bwino: kodi kucereza kwa makolo kunali kopanda cobwezera konse? Iai. Iwo eni anati, "Kupatsa nkuika." Munthu amene unamphera nkhuku caka cino, iwe kapena mwana wako mudzagona pa mphasa yace caka cina. Mangawa analipo, koma anali osawerenga ndi osafulumiza. Nanga mlendo wocokera ku London kapena ku Tokyo adzabwezera liti? Mai wa ku Sirubari sadzafika pakhomo pace masiku onse a moyo wace. Mlendoyo ali ndi cuma coposa ca mwini nyumba kwambiri, ndipo akadya mpunga wa wosauka, naotha nkhuni zimene mai anasenza pa phiri, nacoka ndi "zikomo" yekha, manyazi ali pa iye, si pa maiyo ai. Cotero ndarama ya mlendo wotere iima m'malo mwa kubwezera kumene iye sangathe kucita. Malipiro a nchito yoona alibe manyazi.

Nanga coopsa ciri pati? Ciri pa ici: kuti ndarama idza ndi liu, ndipo liu lace lifuna kulamula. Mlendo wa makedzana analowa m'nyumba nasunga mwambo wa nyumbayo. Anakhala pamene anamlozera, nadya cimene caphikidwa, osasuzumira kumene sanamuitane. Koma wolipira ayesedwa kuganiza kuti wagula zonse. Afuna kuti gule wa nyengo yace abvinidwe lero cifukwa iye acoka mawa. Afuna kujambula maliro ndi mapemphero. Afuna kuti ana abvale zakale, nyumba ikhale yakale, kuti cithunzi cace cikome. Mwini nyumba akayamba kugonjera zonsezi poopa kuti ndarama ingapite kwa mnansi, pamenepo wasanduka kapolo m'nyumba yace yomwe.

Cifukwa cace tinena kuti: mlendo wolipira akhala mlendo ndithu nthawi yonse imene mwini nyumba akhalabe mwini. Pogona, cakudya ndi thukuta zingathe kulipidwa. Koma mphamvu ya kunena kuti, "Apa lowani, apa musalowe, ici ticita, ici siticita," imeneyo siyenera kukhala ndi mtengo. Ndipo munthu mmodzi wosauka sangathe kuisunga mphamvu imeneyi pa yekha, pakuti njala idzamgonjetsa. Aisunga pokhapo mudzi wonse wapangana. Apa ndi pamene pali nzeru ya mtengo umodzi wa ku Ghandruk ndi kugawa alendo kwa ku Sirubari: zicotsa mpikisano umene ukadagwaditsa mabanja mmodzi mmodzi pamaso pa mlendo.

Afumbwe Atatu m'Nkhokwe

Tikadalekera pomwepa tikadakunyengani, pakuti nkhokwe imeneyi iri ndi afumbwe ace, ndipo tichula atatu.

Woyamba ndi uyu: tikati "mudzi," tinena yani? Kuti banja lilandire mlendo liyenera kukhala ndi cipinda capadera, cimbudzi cabwino, zofunda zoyera, ndi munthu wodziwako cinenero ca alendo. Zimenezi ziri ndi mabanja opeza bwino, makamaka a asilikari akale a Gurkha olandira penshoni. Koma m'midzi yomweyo mukhalanso anthu a mafuko amene kuyambira kale anayesedwa onyozeka, monga a Damai, osoka zobvala ndi oyimba, ndi a Kami, osula zitsulo. Lamulo la dziko linathetsa tsankho limeneli m'caka ca 1963, ndi lamulo lina la 2011 linaika cilango pa wocita tsankho. Koma mtima wa munthu sutembenuka tsiku limene lamulo lilembedwa. Kawiri kawiri anthu amenewa ndiwo aomba ng'oma ndi kuliza malipenga polandira mlendo, namsenzera katundu kufikira pakhomo la wolemera, nabwerera kwao ndi kandarama kocepa. Tidziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Koma onse amene anasenza dengalo ayenera kuusa pansi pace. Ngati dzina la mudzi liphimba makomo khumi a opeza bwino, ena onse nangokhala oonerera, ndiye kuti kampani ya ku Kathmandu yangosamukira pamudzi nibvala cobvala ca kumudzi. Mankhwala ace alipo: kuti mazira, mkaka, ndiwo ndi zosoka zigulidwe kwa amene alibe cipinda, kuti gawo la ndarama lilowe m'thumba la mudzi wonse ndi kuwerengedwa poyera pabwalo, ndi kuti osauka ndi amai akhale ndi mpando ndi mau m'bungwe. Koma mankhwalawa ndi owawa kwa amene adya kale, ndipo samwedwa popanda kukakamiza.

Waciwiri ndiye uja makolo anamchula kale: mlendo ndi mame. Pa 25 April 2015 cibvomezi cacikuru cinagwedeza dzikolo nicipha anthu pafupi 9,000. Mudzi wa Langtang, umene unadzala ndi nyumba za alendo, unakwiririka ndi miyala ndi madzi oundana, nafa anthu oposa 200, eni mudzi ndi alendo pamodzi. Ndipo ngakhale m'madera amene sanaonongeke alendo anaopa kufika. Dziko litayamba kupezanso mphamvu, boma linakonza kuti m'caka ca 2020 lilandire alendo mamiliyoni 2. Koma mliri wa Covid-19 unatseka njira zonse, ndipo anafika monga 230,000 okha. Ciwerengero sicinapitirirenso miliyoni kufikira 2023. M'zaka zimenezo amene anakongola ndarama kumanga zipinda, nasiya timinda tao kumera chire, anaona zowawa. Amene anasunga munda ndi ng'ombe anadya ndithu.

Ndiponso mame akamuka ngakhale popanda tsoka. Njira yozungulira mapiri a Annapurna, yodzera pa mpata wa Thorong La wa mamita 5,416, kale inatenga monga masabata atatu pa mapazi, ndipo midzi yonse ya m'njiramo inalandira alendo. Tsopano miseu ya galimoto yafika ku Manang mbali yina ndi ku Muktinath mbali yinzace, ndipo alendo ambiri angopitirira midzi ya kumunsi ali m'galimoto. Alendo ena adandaula kuti mseu waononga kukongola kwa malowo. Koma kodi tinene ciani kwa mai wapakati amene kale anamnyamula pamsana masiku awiri kunka ku cipatala? Sikuyenera konse kupempha mudzi kuti ukhalebe m'mabvuto kuti ukondweretse diso la munthu wopita. Eni ace ndiwo aweruze cimene afuna. Koma aweruze akudziwa kuti walira mvula walira matope, ndi kuti angafunike kulambula tinjira tina ta apansi kutali ndi pfumbi la mseu, monga ayamba kucita kumeneko.

Wacitatu ndiye kucoka kwa anyamata. Nyengo za alendo ziri ziwiri zokha pa caka, kuyambira March kufikira May ndi kuyambira October kufikira November, ndipo cimene banja lipata pa cipinda cimodzi sicifika pa malipiro a kunja. Cifukwa cace anyamata ndi atsikana zikwi zambiri apita kukagwira nchito ku India, ku Malaysia, ku Qatar ndi ku Saudi Arabia. Ndipo ndarama zimene atumiza kwao zifika monga gawo limodzi mwa magawo anai a cuma conse cimene dzikolo lipanga pa caka. M'midzi yambiri yolandira alendo otsala ndiwo nkhalamba. Nanga nkhalambazo zikatha, adzayala mphasa ndani, adzayimba nyimbo ndani? Ife a kuno, amene taona abale athu alikunka ku Joni ndi ku Harare mibadwo ingapo, tidziwa kuti mnyamata sabwezedwa ndi mau okoma, koma ndi nchito imene ali nayo mbali. Ngati akuru agwira thumba ndi mipando yonse, ana adzapitabe.

Cimene Tiphunzirapo

Tsono tiyankhe mafunso athu awiri. Kodi nchito imeneyi ingathe kuimika mudzi wosauka? Pa yokha siingathe ai. Iri ngati ndiwo, pamene munda ndi ziweto ndizo nsima. Ndiwo zikometsa cakudya, koma wodya ndiwo zokha agona ndi njala. Komatu ndiwo zimenezi si zonyozeka. Zamanga milatho, zabweza mitengo pa mapiri ena amene analikuyera, zaika ndarama m'manja mwa amai amene kale sanagwire kobiri la iwo eni, ndipo zaphunzitsa anthu kuti cinenero cao, cakudya cao ndi magule ao siziri zinthu za manyazi. Kodi munthu angagulitse kucereza osagulitsa ulemu wace? Angathe, ngati mudzi wonse, osati olemera okha, ugwira cifungulo ca khomo, ndi ngati m'nkhokwe muli cakudya cokwanira kuti athe kukana mlendo wopanda mwambo. Pakuti munthu amene sangathe kunena "iai," "inde" wace alibenso mphamvu.

Tanena za dziko la kutali, koma mlanduwu wafika kale pakhomo pathu. M'mwezi wa July 2025 bungwe la UNESCO linalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi, cifukwa ca ulemu umene anthu okhala patsinde pace alipatsa monga mokhala mizimu ya makolo. Kumeneko aliko kale anyamata otsogolera alendo ndi osenza katundu, ndipo mkungudza wa paphiripo watsala pang'ono kutha ndi nkhwangwa. Mbiri ikamveka, alendo adzaonjezeka. Funso limene anthu a ku Ghandruk anayankha m'caka ca 1986 lidzafunsidwa kwa ifenso: kodi anthu a patsinde pa phiri adzakhala eni, kapena amtengatenga?

Cifukwa cace tipempha inu mafumu ndi akuru a midzi: panganani alendo asanacuruke, pakuti nkobvuta kugawa nyama mipeni iri kale m'manja. Nenani poyera malo opatulika amene mlendo sayenera kupondapo, ndi miyambo imene siibvinidwa cifukwa ca ndarama. Ikani mtengo umodzi. Werengani thumba pabwalo. Kumbukirani wamasiye amene alibe cipinda koma ali ndi nkhuku zoikira. Inu a boma, lolani kuti gawo loyenera la msonkho wa phiri libwerere kwa osunga phirilo. Ndipo inu owerenga amene tsiku lina mudzakhala alendo m'mudzi wa eni, lipirani mokondwera osanenerera mtengo kwa wosauka, idyani cimene akupatsani, pemphani musanajambule, ndipo kumbukirani kuti ndarama yanu yalipira mphasa ndi nsima, koma nyumba iri ndi mwini wace.